Mpando Wachitatu mu Ofesi ya a Fotokozani

Amuna anga anapatsidwa ntchito yoyang'anira khalidwe la ophunzira pa yunivesite chifukwa cha dzino. Pa 14 Sepitembala 1983 anapita kukazulitsa dzino limene linkawasowetsa tulo, ndipo anajomba ku msonkhano wa aphunzitsi. Anzawo atafika pa nkhani ya udindo umene aliyense ankauthawa, anayang'ana uku ndi uku, n'kuona mpando umodzi wopanda munthu. Onse anakweza manja. Bambowo anabwerera kuntchito tsaya lili lotupa, n'kupeza kiyi wa ofesi yatsopano ali patebulo pawo. Anakhala pa udindowo mpaka anapuma ntchito mu 2006, ndipo kuyambira tsiku la dzino lija sanajombenso msonkhano uliwonse, ngakhale wa makolo kusukulu ya mkaka.

Anali mwana wa telala. Bambo awo akafuna kudziwa ngati chovala chasokedwa bwino, ankachitembenuza n'kuyang'ana msoko wa m'kati. Mwana wawo sanaphunzire kusoka, anaphunzira masamu mpaka kukhala mphunzitsi wa masamuwo, koma khalidwe lotembenuza zinthu analitengera. Tinakwatirana pa 6 Epulo 1974. Ine ndinkaphunzitsa mbiri yakale kusekondale ya atsikana, ndipo ndinkadziwika kuti sindilakwitsa deti. Ndinalinso ndi digiri pa nthawi imene akazi a digiri tinkatha kukwana m'galimoto imodzi, zimene sindinkalola kuti munthu aziiwale.

Ofesi yawo inali kumapeto kwa khonde, pafupi ndi chipinda chosungiramo matsache. Munali tebulo, zenera limene silinkatsekeka bwino, mipando itatu, ndi kabati yachitsulo yosungiramo likasa, kutanthauza zonse zimene ophunzira ankagwidwa nazo akubera mayeso. M'kabatimo munali marula olembedwa kunsi ndi singano, mipango ya m'thumba yodzaza mayankho, bandeji yaitali imene mwini wake analibe bala, ndi nsapato imodzi ya kumanzere. Mwini nsapatoyo anatuluka m'chipinda cha mayeso akutsimphina, ndipo sanabwere kudzaitenga.

Milandu ya m'kabati inali yosavuta, chifukwa umboni umadzilankhulira wokha. Yovuta inali ya ntchito zolembera kunyumba: wophunzira wabweretsa lipoti labwino kuposa nkhope yake, kapena awiri abweretsa malipoti ofanana. Pamenepo bambowo sankakalipa. Ankamukhazika wophunzirayo pampando, n'kumuyankhula mwaulemu ngati mpongozi, zimene zinkaopsa kuposa kukalipa. Kenako ankakankhira lipotilo pambali n'kunena kuti, "Fotokozani." Ophunzira anawapatsa dzina limenelo, ndipo mpaka alonda a pageti ankati a Fotokozani afika.

Ine ndinalowa m'ntchitoyi pa 9 Malichi 1988. Anali ataiwala magalasi awo pawindo la kubafa, ndipo ndinawapititsira pochokera kusukulu. Ndinapeza mnyamata atakhala pampando wachiwiri, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, mwabwera bwino," anatero bambowo. "Khalani apo. Bambo awa alemba zokhudza magetsi. Akufotokozereni inuyo."

"Ine za magetsi ndizidziwira kuti?"

"N'chifukwa chake."

Mnyamatayo analankhula, ine ndinamvetsera, bambowo anakhala pakona akupukuta magalasi. Tili kunyumba anandiuza kuti amasowa munthu wanzeru wochokera kunja kwa phunzirolo, woti wophunzira azimufotokozera mlandu usanapite ku komiti. Mawu akuti wanzeru ndinawamva bwino kwambiri. Kuchokera tsiku limenelo mpando wachitatu unakhala wanga. Pakakhala mlandu wovuta ankandiitana masana, ine n'kuvala jekete yanga yabuluu n'kupita. Pomaliza ndinkapereka maganizo anga, iwo n'kunena kuti zikomo mayi, mwandithandiza. Ndinkauza aphunzitsi anzanga kuti yunivesite imandifunsa nzeru. Ndinkati munthu amene waphunzitsa atsikana zaka zambiri amanunkhiza bodza lisanatuluke pakamwa. Sindinadzifunse kuti n'chifukwa chiyani komiti nthawi zambiri inkagamula mosiyana ndi ine. Ndinkangoti komitiyo ndi ya anthu osaona patali.

Mlandu wa njerwa unabwera mu Okutobala 1997. Ophunzira awiri a chaka chomaliza, a za zomangamanga, anapereka malipoti ofanana kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Nkhani yake inali yosakaniza phulusa la utuchi mu simenti poumba njerwa. Aliyense ankati ntchitoyo ndi yake ndipo mnzakeyo ndiye anakopera. Aliyense anali ndi zolemba pamanja za m'dzanja lake. Mphunzitsi amene anawapatsa ntchitoyo anali atapita kunja kukapitiriza maphunziro, ndipo sankayankha. Lamulo la yunivesite linali losapita m'mbali: awiri akapereka ntchito imodzi, mwini wake n'kusadziwika, onse achotsedwa sukulu. Komiti inali yoti ikumane Lachisanu. Ndiye kuti mmodzi mwa ana awiriwo, amene anagwiradi ntchito, akanataya zaka zinayi ndi digiri yake chifukwa cha mnzake.

Bambowo sabata imeneyo sankadya bwino. Lachitatu, pa 22 Okutobala, anandiitana.

Woyamba kulowa anali mnyamata. Anavala tayi, nsapato zopolishidwa, ndipo anandipatsa moni ndi manja awiri.

"Mayi, chemwali wanga munamuphunzitsa," anatero. "Mpaka lero amati palibe mphunzitsi wina wonga inu."

Sindinafunse kuti chemwali wake uti. Ndinakonza jekete.

"Fotokozani," anatero bambowo ali pakona pawo.

Mnyamatayo anafotokoza. Mawu ankatuluka ngati madzi a pampopi, osakhosomola, osabwerera m'mbuyo. Anatchula mayina aataliatali a zinthu za mu simenti, anatchula akatswiri a kunja, anajambula mizere m'malere ndi chala. Nthawi ndi nthawi ankati, "Monga mukudziwa, mayi," ndipo ine ndinkaona kuti ndikudziwadi. Atamaliza ndinamuthokoza. Atatuluka ndinauza bambowo kuti wachiwiriyo asavutike n'kulowa.

"Alowebe," anatero. "Wadikira nthawi yaitali."

Analowa mtsikana wamfupi, wovala juzi yaikulu ngati yobwereka. Zikhadabo zake zinali zothothoka. Moni wake sindinaumve. Atauzidwa kuti afotokoze, anayamba, n'kuima, n'kuyambanso. Anali ndi chibwibwi, ndipo mantha ankachikulitsa. Ankayang'ana pansi ngati mayankho ali pa simenti ya ofesiyo.

"Ti-timachotsako simenti pang'ono," anatero, "n'kuikamo phulusa."

"Kuti zitani?" ndinafunsa.

"Kuti njerwa itsike mtengo, koma i-ilimbebe."

"Phulusa? Mwana iwe, phulusa ndi lotsukira mapoto. Ungathire zinyalala mu simenti n'kumati ilimba?"

"Si phulusa lililonse, mayi."

"Phulusa ndi phulusa."

"Ayi mayi, simunamve."

Palibe mwana wasukulu amene anandiuzapo mawu amenewo. Ndinayang'ana bambowo kuti amudzudzule, koma iwo ankapukuta magalasi amene anali oyera kale.

"Ndiye ndimvetse," ndinatero.

Mtsikanayo anadzutsa mutu. Anati phulusa lakuda ndi lachabe chifukwa utuchi sunapse wonse, muli makala. Lofunika ndi lotuwa, lopsa mpaka kumapeto, ndipo uyenera kulisefa mpaka lisalale ngati ufa. Ndinamufunsa kuti akudziwa bwanji. Anati njerwa zake zoyamba anaumba ndi lakudalo, ndipo atazinyamula zinafumbutuka m'manja ngati bisiketi yonyowa. Ndinati ndiye umboni wake ndi umenewo, phulusa silimanga nyumba. Anati ayi, zachiwiri zinalimba, koma zachitatu zinang'ambika chifukwa anaziyanika padzuwa.

"Nanga njerwa amaziyanika pati? M'madzi?"

"Eya, m'madzi."

"Usandiseke, ndine kholo lako."

"Sindikuseka, mayi. Simenti silimba chifukwa chouma. Imalimba chifukwa ikumwa madzi. Mukaiumitsa msanga mwaipha ndi ludzu."

Tinakangana. Ndinamufunsa kuti bwanji osangothira phulusa lambiri kuti mtengo utsikiretu. Anatenga choko ziwiri patebulo la bambowo osapempha, n'kundionetsa kuti pali malire: ukapitirira, simenti yotsalayo imachepa moti singagwire mchenga. Chibwibwi chinali chitapita kwina. Nthawi ina anagogoda patebulo ndi chala. Ndinamuuza kuti ulemu ndi phunziro limene analiphonya. Anapepesa, chibwibwi n'kubwerera, ndipo anatuluka misozi ili m'maso.

"Mwaona nokha," ndinatero. "Wamwano, wosokonekera, ndipo sangathe kumaliza chiganizo. Mnyamata uja ndiye mwini ntchito."

"Zikomo mayi, mwandithandiza."

Tinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Bambowo anakhala pakhonde n'kuvula nsapato, ine ndikuthirira maluwa a m'zitini.

"Mayi," anatero, "mutu wanga wakalamba. Mnyamata uja anati phulusa limatani mu simenti?"

"Anafotokoza bwino kwambiri."

"Eya. Anati limatani?"

Ndinaima ndi chitini cha madzi m'manja. Ndinakumbukira tayi. Ndinakumbukira chala chikujambula m'malere. Ndinakumbukira kuti chemwali wake amandikonda.

"Anagwiritsa ntchito mawu a akatswiri," ndinatero. "Si zoti munthu n'kuzibwereza pakhonde."

"Chabwino. Nanga mtsikana uja?"

Pamenepo ndinaika chitini pansi. Ndinawauza za mwano wake wonse, mmene anandiuzira kuti phulusa lakuda ndi lachabe, kuti lotuwa ndi losefa ndilo labwino, kuti njerwa zoyamba zinafumbutuka, zachitatu zinang'ambika padzuwa, kuti simenti imafa ndi ludzu, kuti phulusa likachuluka mchenga sugwirana. Ndinatenga timiyala tiwiri n'kuwaonetsa za malire aja, kuti aone mmene mwanayo anatengera choko popanda kupempha. Ndili m'kati mosonyeza, ndinaona mapewa awo akugwedera.

"Mukuseka chiyani?"

"Pitirizani, mayi. Mwatsala pang'ono kulandira digiri yachiwiri."

Ndinayang'ana timiyala tili m'manja mwanga.

"Ndikuuzeni chinthu," anatero, "koma musandiponyere chitinicho. Inu mukamva chinthu, mumatsutsa. Mumadula munthu pakamwa, mumafunsa, mumakwiya. Mukapanda kumva, mumagwedeza mutu n'kumamwetulira ngati mlendo wolemekezeka pa mwambo wopereka mphoto. Lero mnyamata uja akulankhula, ndimaopa kuti khosi lithyoka."

"Ndiye zaka zonsezi..."

"Ine ndimayang'ana inu. Wophunzira angandinamize ine, chifukwa ndimadziwako pang'ono, ndipo pamene wasiya mpata ndimadzazapo ndekha osazindikira. Koma kuti munthu alowetse chinthu m'mutu mwanu mpaka muyambe kukangana naye, ayenera kuti anachigwira ndi manja ake."

"Munati mukufuna munthu wanzeru."

"Wanzeru, inde. Koma wosadziwa kanthu, komanso wosafuna kuvomera kuti sakudziwa. Anthu otere ndi osowa, mayi. Ena amavomera msanga."

"Nanga maganizo anga amene ndimapereka pomaliza?"

"Amenewonso amathandiza. Ndimawatembenuza."

Ndinakhala pampando. Ndinaganiza za jekete yabuluu, ndi aphunzitsi anzanga amene ndinawauza kuti ndimanunkhiza bodza. Kenako chinthu china chinandifikira.

"Bambo, pa 11 Ogasiti 1973, pa siteji ya basi, pamene munandifunsira ukwati. Ndinatani?"

"Munagwedeza mutu."

"Ndipo inu munaona kuti sindinamve."

"Ndinaona. N'chifukwa chake ndinafulumizitsa zonse musanayambe kufunsa mafunso."

Sindinawalankhule mpaka Lachinayi masana. Koma mlandu unali usanathe, chifukwa khosi la mkazi wa munthu si umboni woti n'kuuika pamaso pa komiti. Chimene bambowo anatola pa mkangano wathu chinali china. Lipoti limene ana awiriwo anapereka linkanena za njerwa zimene zinalimba zokha. Za zofumbutuka ndi zong'ambika munalibe, chifukwa palibe wophunzira amene amalemba manyazi ake. Umenewo unali msoko wa m'kati uja wa apongozi anga, umene wokopera sangauone.

Lachisanu ine sindinaloledwe kulowa, koma bambowo anandifotokozera. Anaitana mnyamatayo payekha pamaso pa komiti, n'kumufunsa funso limodzi: pa ntchito yonseyi, chinalakwika n'chiyani? Mnyamatayo anati panalibe vuto, zonse zinayenda monga mwa dongosolo. Anamufunsa mtundu wa phulusa limene anagwiritsa ntchito. Anati phulusa la utuchi. Lakuda kapena lotuwa? Anaganiza pang'ono n'kunena kuti lakuda, chifukwa ndi lamphamvu. Kenako anaitana mtsikanayo n'kumufunsa zomwezo. Chibwibwi chinamugwira moti wapampando anayamba kuyang'ana wotchi. Mapeto ake mwanayo anangoti, "Ti-tiyeni mukaone." Komiti yonse, anthu a masuti, inatsika masitepe n'kuzungulira kuseri kwa nyumba yoyeseramo zipangizo. Pamenepo panali mulu wa njerwa zofumbutuka, zakuda, udzu utayamba kumera pakati. Pambali pake panali zong'ambika zija. Pa iliyonse imene inatsala yathunthu panali chizindikiro chimene anadinda ndi chivindikiro cha botolo simenti ikadali yaiwisi, ndipo chivindikirocho chinali m'thumba la juzi yake.

Mnyamatayo anavomera masana omwewo. Iye anali atapatsidwa mutu wofanana ndi wa mnzakeyo, koma chaka chinamuthera m'zochitika za bungwe la ophunzira. Anabwereka zolemba za mtsikanayo ponena kuti akufuna kungoona kayalidwe kake, n'kuzikopera zonse, n'kufulumira kupereka iye poyamba. Ena m'komiti ankafuna kuti achotsedwe kotheratu. Bambowo anapempha kuti aimitsidwe zaka ziwiri, akabwera adzaumbe njerwa zakezake. Anati pakamwa ngati pamenepo pakadzapeza chonena chenicheni padzathandiza anthu. Mtsikanayo naye sanatuluke woyera: kubwereketsa ntchito yako ndi mlandu, ndipo analandira chenjezo. Bambowo anamuwerengera chenjezolo ndi nkhope youma, kenako n'kumuuza kuti apite akakonzekere mayeso. Mtsikanayo analandira digiri yake pa 18 Julayi 1998. Ndinalipo, nditavala jekete ina.

Ntchito yanga ya mpando wachitatu sinakhalitse pambuyo pake. Nditadziwa chinsinsi cha khosi langa, ndinayamba kuliumitsa. Ndinkakhala ngati ndameza ndodo, ndipo pofuna kuonetsa kuti ndikumva, ndinkatsutsa aliyense kuyambira pa moni. Mwana wina wosalakwa, wa za nsomba, anatuluka akulira asanafike n'komwe pa nsombazo. Pa 3 Febuluwale 1999 bambowo anandiuza mwaulemu kuti yunivesite ikuthokoza chifukwa cha ntchito yanga.

"Mukundichotsa?"

"Sikelo ikadziwa kuti ndi sikelo, mayi, imayamba kunama."

M'malo mwanga anatenga m'busa wina wopuma ntchito. Ndinamva kuti ankagona.

Pa phwando lowatsanzika mu 2006 anafotokoza nkhani yonseyi pamaso pa anthu, ine nditakhala kutsogolo. Holo yonse inaseka, ndipo ndinaona kuti njira yabwino ndi kuseka nawo. Mtsikana wa njerwa uja analipo, atakhala kale injiniya wa nyumba zosanja. Bambowo anatisiya pa 2 Juni 2016. Kabati ya likasa ndikumva kuti ikadalipo, koma masiku ano akuti mumadzaza mafoni.

Chaka chatha khoma la chipinda chochezera linang'ambika kuchokera pawindo mpaka pansi. Amisiri awiri anabwera, wina n'kunena kuti nyumba ikugwa, wina kuti ndi penti chabe. Mwana wanga wamkazi anaimbira injiniya uja, ndipo anabwera yekha pa 12 Meyi, Loweruka, atavala nsapato zamatope. Tsopano ndi mayi wa imvi zingapo, ndipo chibwibwi chimangomuyendera mwa apo ndi apo. Anagogoda khoma, anatuluka panja, anakumba pang'ono m'munsi mwake ndi khasu langa la m'maluwa. Atabwerera anakhala pampando wa bambowo n'kuyamba kundiuza za dothi, za maziko, za madzi a padenga amene amagwera malo amodzi, ndi za kayendedwe ka chinyontho m'nyengo zosiyanasiyana. Analankhula bwino kwambiri. Ndinkamwetulira.

Anaima pakati pa chiganizo n'kundiyang'ana, osati kumaso, koma m'munsi pang'ono.

"Mayi," anatero, "ndiyambirenso?"

Ndinagwira khosi langa ndi dzanja.

"Yambiranso, mwanawe. Ndipo uyambire pa madzi a padengawo, chifukwa pamenepo wanama. Denga limenelo lakhala likutaya madzi pamalo omwewo kuyambira 1981, khoma osang'ambika."

Anavula magalasi, anakoka mpando kuti ayandikire, n'kupempha kuti ndimubweretsere kapu ya madzi ndi siponji yotsukira mbale.